Choyera pamwamba pa chofiira: magazi a alimi oyamba a ku Mphunzi

Mukafika pansi pa thanthwe lina la phiri la Mphunzi, maso amathamangira chinyama choyera chimene chinajambulidwa chitatambasula miyendo ngati buluzi wowothera dzuwa. N'chachikulu ndithu, ndipo amene anachijambula anapaka dothi loyera ndi zala mosaumira. Koma mukamayenda thanthwe ndi thanthwe, maso n'kuzolowera mthunzi, mumayamba kuona zina zozilala: timizere tofiira, tina tozungulira m'kati mwa tinzake, tina tondondozana ngati mano a chipeso. Bambo amene ankandiperekeza tsiku limenelo ankaloza ndi kamtengo, osakhudza mwala. Zofiirazi n'za Akafula, anatero. Zoyerazi n'zathu.

Mphunzi ndi limodzi mwa mapiri a dera la Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zojambula zoterezi, ndipo bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zoyerazo sizivuta kuzilondola. Zina n'za chinamwali, zimene anamkungwi ankalangira nazo atsikana, zina n'zilombo za gule wamkulu monga zimene zili ku Namzeze. Eni ake alipo, ndipo zidzukulu zawo n'zimene zikulima mbatatesi ndi nyemba m'munsi mwa phirimu. Paliponse pamene mitundu iwiriyi yakumana pamwala umodzi, choyera ndicho chimakhala pamwamba. Ndiye kuti eni zofiira ndiwo anayamba kufika. Agogo athu ankawatcha Akafula, Abatwa, kapena Amwandionerapati, anthu aafupi amene ukakumana nawo unkayenera kunena kuti wawaonera patali, apo ayi muvi. Nanga anthu amenewa anapita kuti?

Mayankho amene ndinakula ndikumva ndi atatu. Ena amati anaphedwa, ena amati anathawira kunkhalango zakumadzulo, ena amati anakwatirana ndi obwerawo mpaka kusungunukira mwa iwo. Ine ndinkakonda lachitatuli, mwina chifukwa silipweteka mtima. Ndinkati tikaona munthu wamfupi pamsika wa Chimbiya, basi ndi magazi a Akafula amenewo.

Ndipo zofukulidwa pansi zinkaoneka ngati zikundivomereza. Mu 1972 J. Desmond Clark anakumba m'phanga la Mwana wa Chentcherere, kufupi ndi boma la Dedza, ndipo wophunzira wake Gadi Mgomezulu anatsatira ndi kafukufuku wa chiyambi cha ulimi m'dera la Linthipe ndi Chongoni, amene anamaliza mu 1978. Zimene anapeza n'zakuti alenje ogwiritsa ntchito timipeni tamiyala sanachoke tsiku limene alimi anafika. Anakhalabe m'mapangamo kwa zaka mazanamazana, akudya nyama zakutchire, koma pakati pa zinyalala zawo pakupezekanso mapale a miphika ya alimi. Anthu amene amapatsana miphika ndi nyama kwa mibadwo yambiri chonchi, munthu ungaganize kuti anapatsananso ana.

Apa m'pamene nkhani ya DNA inadzalowerera. Mawu akuti majini, amene aphunzitsi ena amagwiritsa ntchito, ndimawazemba, chifukwa kwathu kuno ukati munthu ali ndi majini anthu amathamangira kukaitana abusa. Tingonena kuti m'kati mwa timaselo ta thupi muli malangizo a chibadwa, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Malangizowa akamakoperedwa kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, mwa apo ndi apo pamachitika kakusintha kakang'ono, ndipo kakusinthako kamatsata mzere wa banjalo ngati chizindikiro cha pakhutu la ng'ombe. Powerenga zizindikirozi, akatswiri amatha kudziwa kuti gulu ili ndi ilo anasiyana liti, ndiponso ngati anadzakumananso. Munthu akafa DNA imayamba kuduka tizidutswa, ndipo kutentha ndi chinyezi zimaimaliza msanga. Koma m'mano ndi m'kafupa kolimba kwambiri ka m'kati mwa khutu imatha kutsalako pang'ono, makamaka ngati mtembo unagona m'phanga louma la kumapiri ozizira. Kuzizira kwa Dedza kumene timadandaula nako mu June kunatisungira umboni.

Mu 2017 magazini ya sayansi ya Cell inatulutsa kafukufuku wotsogoleredwa ndi Pontus Skoglund ndi David Reich, mothandizana ndi Jessica Thompson komanso akatswiri a ku dipatimenti yathu yoona zinthu zakale. Anawerenga DNA ya mafupa a ku phiri la Hora ku Mzimba, a ku Fingira ku Nyika, ndi a ku Chentcherere komwe kuno. A ku Chentcherere anali a zaka pafupifupi 5,200 zapitazo, a ku Hora oposa zaka 8,000, ndipo waposachedwa wa ku Fingira anali wa zaka pafupifupi 2,500. Onsewa anapezeka kuti anali mtundu umodzi wa anthu, umene unakhala m'dziko lino kwa zaka zoposa 5,000 osasokonezedwa kwenikweni. Mbali yaikulu ya chibadwa chawo inali pachibale ndi Asan a ku Kalahari, ina ndi alenje a kum'mawa kwa Africa onga Ahadza a ku Tanzania. Kafukufuku wina wa mu 2022, amene anafika mpaka pa mafupa a makanda a ku Hora a zaka zoposa 14,000 ndi ena a ku Kalemba m'chigawo chakum'mawa cha Zambia, anawonjezera mtsinje wachitatu: ubale ndi alenje a m'nkhalango za Congo onga Ambuti. Choncho dzina lija la Abatwa, limene amatchulidwa nalonso alenje ena a m'nkhalango zimenezo, agogo sanaliphonye kwenikweni.

Chimene chinandigwetsa ulesi n'chotsatira. Atayerekeza mafupawo ndi Amalawi a lero, Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni, sanapeze chizindikiro chooneka cha alenje aja mwa ife. Ngati chilipo, n'chochepa moti sichinaoneke pa muyeso wawo. Munthu wamfupi wa pa Chimbiya uja ndi wamfupi chabe.

Izi n'zodabwitsa chifukwa kwina sizinayende choncho. Ku South Africa, Axhosa, Azulu ndi Atswana ali ndi gawo looneka bwino la magazi a Akhoe ndi Asan, mwa ena kufika limodzi mwa magawo asanu, ndipo ziyankhulo za Axhosa ndi Azulu zinatengera ngakhale kuthetheka kwa lilime kuja. Ku Zambia, Abatwa a m'madambo a Kafue akadali ndi chibadwa cha alenje akale. Kuno ayi. Wina atha kulumpha n'kunena kuti ndiye kuti makolo athu anawapulula. Nthano zina zimanenadi za nkhondo ndi Akafula, koma DNA payokha siitiuza za nthungo. Taganizani za chiwerengero. Alenje amayenda m'timagulu ta anthu makumi awiri kapena atatu, amafuna tchire lalikulu kuti adye, ndipo mayi amene amayenda ndi mwana kumsana tsiku lililonse amabereka patalipatali. Mudzi wa alimi uli ndi nkhokwe ndi phala loletsera mwana kuyamwa, ndiye ana amabadwa motsatizana. Pakapita mibadwo makumi asanu, ngakhale atsikana angapo a Akafula akanakwatiwa m'midzi, magazi awo akanakhala ngati kambale ka mchere kothiridwa mu Linthipe. Onjezanipo matenda obwera ndi midzi yothithikana, ndi tchire limene linkatha chaka ndi chaka. Ine ndikuona kuti anthuwa anachita kufota pang'onopang'ono, ngati chitsime cha m'dambo chikamalowa mu October. Tikumbukirenso kuti mafupa a ku Chentcherere ndi a anthu amene anafa zaka zoposa 3,000 mlimi woyamba asanaponde kuno. Mlenje womaliza, amene anaonana maso ndi maso ndi Achewa, DNA yake sinawerengedwe.

Nanga alimiwo anali ndani? Ziyankhulo zathu, Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, zonse n'za banja la Bantu, limene gwero lake lili kumalire a Nigeria ndi Cameroon, zaka 4,000 mpaka 5,000 zapitazo. Kafukufuku wa Etienne Patin ndi anzake mu 2017 anasonyeza kuti anthuwa anayamba atsika kumwera kudutsa nkhalango yaikulu, kenako n'kupatukira kum'mawa ndi kumwera. Wina waukulu, wotsogoleredwa ndi Cesar Fortes-Lima ndi Carina Schlebusch, anayeza anthu 1,763, ambiri a iwo ochokera m'magulu 147 olankhula ziyankhulo za Bantu m'mayiko 14, napeza kuti kusiyanasiyana kwa chibadwa kumachepa munthu akamatalikira ku Cameroon. N'zimene zimachitika kagulu kakang'ono kakamachoka pamudzi kukayamba mudzi wina, ndipo pa mudzi watsopanowo n'kuchokanso kagulu kena. Anapezanso kuti dera la Congo ndi Zambia linali mphambano pamene magulu ankakumana. Amene anamvapo akuluakulu a Aphiri akunena zoti makolo awo anachokera ku Uluwa, ku Congo komweko, sangadabwe nazo.

M'Malawi muno alimi amenewa amayamba kuoneka cha m'ma 200 mpaka 300 AD, ndi miphika yokhuthala milomo imene imatchedwa ya Nkope, potengera malo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi kumene Keith Robinson anaifukula. Anabwera ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo, nyumba zomata, ndi mbewu za ku Africa konkuno: mapira, mawere, mchewere, khobwe, nzama. Chimanga chimene lero timachiyesa cha makolo chinachokera ku America ndipo chinafika pambuyo pa 1500. Ndipo sikuti anabwera ulendo umodzi. Pambuyo pa miphika ya Nkope panadza ya Kapeni, kenako ya Mawudzu, imene Yusuf Juwayeyi anaipeza yambirimbiri ku Mankhamba, likulu la Kalonga kumunsi kwa mapiri ano cha ku Mtakataka. Nthano yathu ya Kaphirintiwa imati mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika kumwamba atanyamula khasu, lichero ndi mtondo. Uta mulibemo. Anthu amene anasimba nthano imeneyi ankadzidziwa kuti ndi alimi kuyambira pachiyambi pawo.

Khasu limenelo linasintha nthaka, koma linasinthanso magazi a olima. Kuti timvetse, tikumbukire zimene agogo aakazi ankachita pokolola. Ankapatula zitsononkho zazikulu, zodzaza bwino, n'kuzimanga ndi makoko ake pamwamba pa moto m'khitchini kuti utsi uziteteze kwa anankafumbwe. Zimenezo ndizo mbewu ya chaka chamawa. Akachita zimenezi zaka makumi ambiri, munda wonse umafanana ndi zitsononkho zimene ankasankha zija. Chilengedwe nachonso chimapeta anthu chimodzimodzi, kungoti chilibe cholinga ndiponso chilibe chisoni. Ngati matenda akupha ana asanakule, ndipo ana ena ali ndi kachibadwa kowathandiza kupulumuka, iwowo ndiwo adzabereke, ndipo kachibadwako kadzachuluka m'badwo ndi m'badwo. Lichero lalikulu limene linapeta makolo athu ndi malungo.

Udzudzu wa Anopheles gambiae sukonda mthunzi wa nkhalango yowirira. Umaswana m'timadzi toyera towombedwa ndi dzuwa: m'mapazi a ng'ombe, m'mizere ya m'munda mvula ikagwa, m'maenje okumba dothi lomatira nyumba. Mlimi akagwetsa mitengo n'kumanga mudzi wokhazikika, wamangira udzudzu nyumba n'kuuikiranso chakudya pafupi. Frank Livingstone ndiye analongosola mgwirizano umenewu mu 1958, potsatira zimene Anthony Allison anapeza kum'mawa kwa Africa mu 1954, zoti ana okhala ndi chibadwa cha sickle cell kuchokera kwa kholo limodzi sagwidwa kwambiri ndi malungo. Lero tikudziwa kuti mwana wotere chiopsezo chake cha malungo aakulu, okomola ndi omaliza magazi aja, chimatsika ndi pafupifupi magawo 9 mwa 10. Iye sadwala sickle cell, ndipo mwina adzafa ndi ukalamba osadziwa kuti anali nacho.

Mtengo wake amalipira ndi wina. Bambo ndi mayi onse akakhala nacho, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana alandire mbali zonse ziwiri. Ndinaonapo mwana wotere pa chipatala china, wa zaka ngati zitatu. Tizala take tinali titatupa ngati tasoseji, maso achikasu, akulira mosalola kuti munthu amukhudze mwendo. Mayi ake anali atamubereka kumsana ulendo wa maola awiri, ndipo m'khosi mwa mwanayo munali kachithumwa, chifukwa kumudzi anali atagamula kale kuti pali munthu amene akumudya magazi. Maselo ofiira a mwana wotere amapindika ngati chikwakwa, n'kumatsekereza timitsempha, ndipo ululu wake akuluakulu amene ali nawo amati uli ngati kukhomeredwa misomali m'mafupa. Palibe mfiti pamenepo. Ndi ngongole ya malungo a makolo, imene yagwera iye.

Kafukufuku wa ana aang'ono m'dziko lonse lino, amene anatuluka mu 2018, anapeza kuti pafupifupi ana 9 mwa 100 alionse ali ndi chibadwa cha sickle cell cha mbali imodzi. Anapezanso kuti pafupifupi 4 mwa 10 ali ndi alpha thalassaemia, imene imachepetsa kukula kwa maselo ofiira, ndipo pafupifupi mnyamata mmodzi mwa asanu ali ndi vuto lotchedwa G6PD deficiency. Zonsezi ndi zipsera za nkhondo yomweyo ya malungo. Cha G6PD chili ndi msampha wake: mankhwala ena, monga primaquine, amatha kuswa maselo ofiira a munthu wotere, ndipo n'chifukwa chake mankhwala a malungo a Lapdap anachotsedwa pamsika mu 2008. Palinso chibadwa china, cha Duffy, chimene chinafalikira mpaka pafupifupi tonsefe tili nacho, ndipo chimatsekera khomo mtundu wina wa malungo wotchedwa vivax umene umasautsa anthu ku India.

Pali mkangano pa zaka za chibadwa cha sickle cell. Daniel Shriner ndi Charles Rotimi mu 2018 anawerengera kuti chinayamba mwa munthu mmodzi zaka pafupifupi 7,300 zapitazo, pamene gulu lina la akatswiri chaka chotsatira linati n'chakale kuposa zaka 20,000. Mulimonsemo, chinayamba ulendo wa Abantu usanayambe. Ulimi sunachilenge, unangochipatsa malo oti chichuluke, ndipo alimi anachinyamula kuchoka kumadzulo kwa Africa mpaka kudzafika nacho kuno. Munthu wa ku Mphunzi, kumene mphepo yozizira imachepetsako udzudzu kusiyana ndi ku Golomoti kapena ku Mtakataka, ali nachobe m'magazi chizindikiro cha zigwa zotentha zimene makolo ake anadutsamo.

Za kaodzera ndingodutsapo. Mitundu ina ya chibadwa chotchedwa APOL1 imathandiza magazi kupha tizilombo ta kaodzera wa mtundu umene umapezeka ku Nkhotakota ndi ku Vwaza, koma munthu akailandira kwa makolo onse awiri impso zake zimakhala pa chiopsezo. Malonda ake ndi omwe aja: chitetezo chili ndi mtengo wake.

Nkhani ya mkaka ndiyo imasonyeza bwino kuti si alimi onse amene anapetedwa ndi lichero limodzi. Mwachibadwa munthu akaleka kuyamwa thupi limasiya kupanga chogayira shuga wa mumkaka. Mwa abusa a ng'ombe a ku Kenya ndi Tanzania munabuka kakusintha kolola akuluakulu kumwa mkaka wosawawasa popanda vuto, ndipo Sarah Tishkoff anasonyeza mu 2007 kuti kanafalikira mofulumira kwambiri m'zaka 3,000 mpaka 7,000 zapitazi. Ku Ulaya kunabuka kena kosiyana, kogwira ntchito yomweyo. Makolo athu ambiri anali anthu a khasu ndi mbuzi zochepa, m'dziko la ntchentche za kashembe zimene sizilola ng'ombe kuchuluka, ndiye chibadwa chimenechi n'chosowa pakati pathu. Ngati kapu ya mkaka imakutembenuzani m'mimba pamene chambiko mumadya bwinobwino, simukudwala ayi. Kuwawasa kuja n'kumene kwagaya kale gawo la shugayo.

Ku Ulaya akatswiri anatha kuchita chinthu chimene kuno sichinatheke. Iain Mathieson ndi anzake mu 2015 anaika pamzere DNA ya anthu akale 230, kuyambira alimi oyamba amene anachoka ku Anatolia zaka zoposa 8,000 zapitazo mpaka a m'nthawi ya mkuwa, n'kuona ndi maso chibadwa chikukwera m'badwo ndi m'badwo. Anapeza kuti alimi oyambawo ankaweta ng'ombe koma sankatha kugaya mkaka, ndipo kuthekera kumeneku kunadzafala zaka masauzande pambuyo pake. Kumenekonso alimi obwera anachulukira alenje, koma pambuyo pake anasakanikirana nawo, moti Mzungu wa lero ali ndi gawo la alenje akale limene ife tilibe. Kuno zonse zimene tikudziwa za kupetedwa kwa alimi athu tazitenga m'magazi a amoyo n'kuwerengera chobwerera m'mbuyo. Chifukwa chake n'chosavuta: alenje ankaika maliro m'mapanga ouma, pamene alimi ankaika pamtetete, m'dothi la katondo limene limadya fupa, kuwonjezera chiswe ndi mvula ya chaka ndi chaka. N'zoseketsa kuti anthu amene anazimirira tikuwadziwa bwino chibadwa chawo kuposa agogo a agogo athu.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna andale a masiku ano amve n'chakuti pa muyeso wa DNA Mchewa, Mtumbuka, Myao ndi Mngoni wa ku Malawi amafanana kwambiri. Ngakhale Angoni a Maseko, amene anadzakhazikika cha ku phiri la Domwe m'zaka za m'ma 1800, anatola anthu ambiri m'njira ndi kuno komwe moti magazi a kumwera kumene anachokera anatsala ochepa. Mtundu ndi chiyankhulo, gule, mfunda ndi kumene unabadwira. Zimenezo n'zenizeni ndipo n'zofunika, koma wina akamaima pa nsanja n'kumati ife ndife eni nthaka, enawa ndi obwera, apite ku Mphunzi akaone timizere tofiira tija. Tonse tinapeza moto ukuyaka kale.

Potsika phirilo tsiku lija ndinaona dzina la mwana wasukulu litalembedwa ndi makala pafupi ndi zojambula, ndipo pansi pa thanthwe lina panali phulusa la abusa a mbuzi amene anabisalapo mvula. Utsi umadetsa utoto, ndipo amene amakumba m'mapanga pofuna chuma chobisika kapena manyowa a mileme amasokoneza dothi limene limauza akatswiri zaka za chinthu. Fupa likachoka pamalo pake n'kugwiridwagwiridwa ndi manja, umboni wake wambiri umatayika. Inu a ku Mphunzi, a ku Chongoni, a ku Linthipe, mukapeza mafupa a munthu kapena mapale akale m'phanga kapena pokumba maziko a nyumba, musawatole ndipo musawataye. Akwirireni momwe analili, mukauze amfumu, ndipo amfumuwo adziwitse a Dipatimenti ya Museums and Monuments.